Mlandu Umene Anasenzetsa Anthu a ku Rapa Nui

Ndege yochokera ku Santiago imauluka maola asanu pamwamba pa madzi okhaokha isanatere pabwalo la Mataveri. Kumeneko ndiye ku Rapa Nui, kachilumba ka ngodya zitatu kamene azungu anakatcha Easter Island chifukwa Jacob Roggeveen wa ku Holland anakaona tsiku la Pasaka, pa 5 Epulo 1722. Dziko la Chile, lomwe limalamulira chilumbachi, lili pa mtunda wa makilomita oposa 3,500 kummawa, ndipo anansi apafupi, anthu owerengeka a pachilumba cha Pitcairn, ali pa makilomita oposa 2,000 kumadzulo. Kukula kwa Rapa Nui ndi masikweya kilomita 164, ndiye kuti zilumba zisanu ndi zinayi zofanana ndi Likoma mutazilumikiza pamodzi. Pakamtunda kochepa chonchi pali ziboliboli za miyala pafupifupi 1,000 zotchedwa moai. Zina zili chilili pamaguwa m'mbali mwa nyanja, zina zili chafufumimba m'udzu, zina zinakwiririka mpaka m'khosi m'munsi mwa phiri lomwe zinasemedwamo. Mlendo wodzaziona safika chimanjamanja, amatsika ndege atanyamula kale nkhani m'mutu. Nkhaniyo imati anthu a pano anadzipha okha: anapenga ndi kusema miyala, anagwetsa nkhalango yonse kuti apeze mitengo yokokera ziboliboli, nthaka inakokoloka, njala inalowa, anayamba kuphana ndi kudyana, mpaka mtundu wa anthu 15,000 kapena kuposa unatsala ochepa azungu asanafike n'komwe.

Amene anaifalitsa kwambiri nkhaniyi ndi Jared Diamond m'buku lake lotchedwa Collapse la mu 2005, ngakhale Paul Bahn ndi John Flenley anali atatsogola kale mu 1992. Inakoma m'makutu chifukwa ndi fanizo lokhoza: kachilumba kali pakokha m'nyanja ngati momwe dziko lapansi lilili palokha mumlengalenga, choncho zimene zinawagwera iwo zikutidikira tonse. Aphunzitsi aigwiritsa ntchito m'kalasi, a zachilengedwe pamisonkhano. Koma fanizo kukoma sikuti ndiye loona. Umboni umene wakhala ukutuluka m'nthaka, m'mafupa ndi m'magazi a anthu a pachilumbachi pazaka makumi awiri zapitazi ukuonetsa kuti nkhaniyi inalondola pamfundo imodzi, yoti nkhalango inathadi, koma inaphonya pamfundo yaikulu. Anthu sanathe pamodzi ndi nkhalangoyo. Anapitiriza kulima, kubereka ndi kupembedza kwa mibadwo ingapo mitengo kulibe, ndipo chimene chinawapulula chinabwera ndi sitima zapamadzi, m'zaka zodziwika, ndi anthu odziwika maina.

Tiyambe ndi miyalayo, poti ndiyo mboni yoyamba. Anthu oyamba anafika cha m'ma 1200 pamabwato akuluakulu ophatikiza awiri, kuchokera kuzilumba za Polynesia zakumadzulo, atanyamula nkhuku, nthochi, nzimbe, zilazi ndi koko. Mbiri ya makolo awo imati anakocheza pagombe la mchenga la Anakena, mtsogoleri wawo ali Hotu Matu'a. Pafupifupi moai onse anasemedwa paphiri limodzi, Rano Raraku, lomwe mwala wake ndi phulusa la phiri lophulika limene linagwirana, wofewa moti umasemeka ndi mwala unzake wolimba. Zida zawo zinali tinsompho tamwala totchedwa toki, ndipo tambirimbiri tinapezeka titatayidwa pomwepo pamalo antchito. Wokwera phirilo lero amaona ntchito yonse ili pambalambanda ngati osemawo angopita kukadya nkhomaliro. Apa pali nkhope yongoyamba kutuluka m'thanthwe, mphuno ndi chibwano zaoneka koma thupi likadali phiri. Apo pali wina wogona chagada, wosemedwa mbali zonse, wangogwira ndi kamzere kamwala kumsana ngati msana wa bwato, kudikira kuti akadule. Moai pafupifupi 400 akadali pamalowa, pakati pawo pali chimphona cha mamita 21 chimene sanachichotse m'thanthwe. Moai wamba ndi wamtali mamita anayi, wolemera matani 12 kapena 13, ndipo wamkulu kuposa onse amene anaimikidwapo paguwa, wotchedwa Paro, ndi wa mamita pafupifupi 10. Sanali milungu yachilendo ayi. Anali makolo, mafumu ndi akuluakulu omwalira, n'chifukwa chake ambiri anafulatira nyanja n'kupenya kumtunda komwe kunali midzi ya zidzukulu zawo. Maguwa awo, otchedwa ahu, analinso manda. Mu 1978 ofukula zakale a pachilumba pomwepo, Sergio Rapu ndi Sonia Haoa, anapeza pa Anakena zidutswa za mwala woyera wa m'nyanja zimene atazilumikiza zinakwana ndendende m'chibowo cha diso la moai. Kuyambira pamenepo zinadziwika kuti nkhope zooneka zakhungu lerozi kale zinkapenya.

Chodabwitsa n'chakuti kwa nthawi yaitali alendo ankakana kuti ntchito imeneyi ndi ya makolo a anthu amene anawapeza pachilumbapo. Ankayang'ana chiboliboli, kenako n'kuyang'ana munthu wovala nsanza ataima pambali pake, n'kugamula kuti awiriwa sangakhale pachibale. Thor Heyerdahl, uja anawoloka nyanja pachiphaka cha Kon-Tiki mu 1947, anakakamira kuti luso la miyala linachokera ku Peru. Erich von Däniken anafika ponena kuti zinapangidwa ndi zolengedwa zochokera kumlengalenga. Ife a kuno sitingadabwe nazo, pakuti malinga a Great Zimbabwe nawonso anapatsidwa kwa Afoinike ndi kwa mfumukazi ya ku Seba, mpaka David Randall-MacIver mu 1905 ndi Gertrude Caton-Thompson mu 1929 anaonetsa kuti omanga ake anali Aafirika. Ku Rapa Nui chiyankhulo, mafupa ndi zida zonse zinatsimikiza kuti osemawo anali Apolinezhiya. Ndiye poti kulanda ntchitoyo kunakanika, nkhani inangotembenuka: chabwino, anasema ndi iwo, koma kusemako kunali misala yomwe inawapha. Nkhani ziwirizi zimaoneka zosiyana, koma zimagwira ntchito imodzi, yodula ubale pakati pa moai ndi anthu amoyo. Yoyamba imati si ana a osemawo, yachiwiri imati ndi zotsalira za mtundu wolephera.

Msanamira ya nkhani yachiwiriyi ndi mitengo. Imafuna kuti tikhulupirire kuti moai aliyense ankagonekedwa pachileyi n'kukokedwa pamwamba pa mitengo yogubuduza ndi anthu mazanamazana, moti chiboliboli chilichonse chinkadya kankhalango kake. Koma akuluakulu a pachilumbachi akafunsidwa, kuyambira kalekale ankayankha mofanana: moai ankayenda. Ofufuza ankalemba yankholi ngati nthano ya anthu okhulupirira zamatsenga. Mu 1986 injiniya wa ku Czechoslovakia, Pavel Pavel, anayesa kuyendetsa chiboliboli chili chiimire ndi zingwe, ndipo chinasuntha. Kenako Terry Hunt ndi Carl Lipo anayang'anitsitsa moai makumi angapo amene anagwera m'misewu yakale yochokera ku Rano Raraku, n'kuona kuti ndi osiyana ndi a pamaguwa. A mumsewu ali ndi tsinde lotakata, lozungulira kutsogolo, ndipo thupi lawo linapendekera kutsogolo moti sangaime okha popanda chowagwira. Alibenso zibowo za maso, chifukwa maso ankabooledwa moai akafika kwawo. Amene anagwa potsetsereka ambiri anagwa chafufumimba, amene anagwa pokwera mtunda ambiri anagwa chagada, monga momwe chinthu choimirira chimagwera. Hunt ndi Lipo atapanga chiboliboli chofanizira cha matani oposa anayi, anachimanga zingwe zitatu kumutu, gulu lina kumanja, lina kumanzere, lachitatu kumbuyo kuti chisagwe. A kumanja akakoka, chinkapendekera kwawo n'kuponya mbali ya kumanzere patsogolo. A kumanzere akabweza, mbali inayo n'kutsatira. Aliyense amene anasunthapo mgolo wodzaza madzi poupendeketsa uku ndi uku akudziwa kayendedwe kameneka. Anthu 18 anachiyendetsa mamita 100 pasanathe ola limodzi.

Pali otsutsa, ndipo si anthu wamba. Jo Anne Van Tilburg, amene watha zaka zambiri akuyeza ndi kulemba moai mmodzimmodzi, anaonetsa mu 1998 kuti chileyi chamitengo chimathekanso, ndipo ena amati chiboliboli cha matani anayi pabwalo losalala si chimodzimodzi ndi Paro pamsewu wa zitunda ndi zigwa. Mfundoyo ndi yomveka, ndipo n'kutheka kuti njira zinalipo zingapo pazaka mazana anayi za ntchitoyi. Koma ngakhale titavomera chileyi, mlandu wa nkhalango sukhazikika, pakuti mitengo yokokera saitaya ikagwira ntchito kamodzi, ndipo ziboliboli mazana angapo zogawidwa pazaka mazana anayi ndi chimodzi kapena ziwiri pachaka. Heyerdahl yemweyo anaona ndi maso ake mu 1956 amuna 12 a pachilumbapo, motsogozedwa ndi Pedro Atan, akudzutsa moai wakugwa pa Anakena m'masiku 18, pogwiritsa ntchito mitengo yowerengeka yotukulira ndi miyala yoikira pansi. Ntchitoyi sinkafuna mfumu yankhanza yokwapula khamu la akapolo. Inali ntchito ya fuko limodzi kapena mudzi umodzi, yofanana ndi dima, ndipo kafukufuku wa mu 2019 anapeza kuti maguwa ambiri anamangidwa pafupi ndi malo amene madzi akumwa amatulukira m'mphepete mwa nyanja. Pachilumba chopanda mtsinje woyenda chaka chonse, kholo lamwala linkaima pomwe pali moyo wa mudzi.

Nkhalango yokha inathadi, ndipo amene angakane zimenezi akunama. Mungu wakale umene Flenley anaupeza m'matope a m'nyanja zing'onozing'ono za m'mapiri ukuonetsa kuti chilumbachi chinali chodzala ndi migwalangwa ikuluikulu, yachibale ndi mgwalangwa wa ku Chile, ndipo pofika cha m'ma 1650 inali itapita. Mbalame zapamtunda zinatha, za m'nyanja zambiri zinathawira patizilumba ta m'mbali. Anthu anatenthadi ndi kudula kuti apeze minda ndi nkhuni, monga anachitira alimi kulikonse padziko. Koma sanali okha. M'mabwato aja munalinso khoswe wamng'ono wa ku Polynesia, amene anapeza chilumba chopanda njoka, chopanda mphaka, chodzala ndi mtedza wa migwalangwa. Zikamba za mtedzawu zimene zimafukulidwa m'mapanga zambiri zili ndi mano a khoswe. Mgwalangwa wamtunduwu umatenga zaka makumi angapo kuti ubereke, ndiye mtengo waukulu ukagwa ndi moto kapena ukalamba, mbewu yake itadyedwa kale pansi, wolowa m'malo panalibe. Wina anganene kuti khosweyo anabwera ndi anthu, choncho mlandu ubwerera kwa eni bwato. Inde, koma kubweretsa kanyama kamene zotsatira zake sungazidziwe n'kosiyana ndi kugwetsa mtengo wotsiriza uli maso chifukwa cha dyera la ziboliboli. Akatswiri akadatsutsana kuti khoswe anadya gawo lalikulu bwanji, ndipo mwina Hunt ndi Lipo anamukuza mopitirira. Funso lenileni silili pamenepo. Funso ndi lakuti mitengo itatha, anthu anatani.

Yankho lili pansi, ndipo alendo ambiri amalipondaponda osaliona. Madera ambiri a chilumbachi ndi odzala ndi miyala yakuda yonga zibakera, yomwazika ngati kuti phiri linangoilavula. Sinamwazike yokha. Alimi ankaphwanya matanthwe n'kuyala zidutswazo pamunda, zina n'kuzikwirira m'nthaka, kenako n'kubzala mbatata ndi koko m'mipata. Miyalayo inkatchinga mphepo yamchere, kusunga chinyezi, kufunditsa nthaka usiku ndi kuiziziritsa masana, ndipo ikamafumbutuka inkathira chonde m'dothi losauka. Nthochi ndi mbewu zina zosalimba ankazibzala m'timipanda tamiyala tozungulira totchedwa manavai. Munthu amene wanyamula miyala mamiliyoni kuti mbatata ibereke pamalo ouma sitinganene kuti sadziwa kusamala nthaka. Mafupa akuonetsanso kuti pafupifupi theka la ndiwo zomanga thupi zinkachokera m'nyanja, kutanthauza kuti usodzi sunafe ndi mabwato akuluakulu. Ndiyeno pali nkhani ya chiwerengero. Kuti pakhale kugwa, payenera kukhala pamwamba pogwera, ndipo anthu 15,000 aja palibe anawawerenga. Ndi nambala yongoyerekeza, yochokera pamaganizo oti ziboliboli zochuluka chonchi zinkafuna khamu. Mu 2024 Dylan Davis ndi anzake anayeza minda yamiyala yonse pogwiritsa ntchito zithunzi za setilaiti, n'kupeza kuti siikwana n'komwe sikweya kilomita imodzi, ndipo pamodzi ndi zakudya zina ikanadyetsa anthu 3,000 kapena 4,000. Ena amati kuwerengaku kunasiya minda yopanda miyala, ndipo kafukufuku wina wa mu 2017 anati chilumbachi chikanatha kudyetsa anthu 17,500. Koma kutha kudyetsa si umboni woti analipo. Chochititsa chidwi n'chakuti 3,000 ndi chiwerengero chomwecho chimene alendo oyamba a mu 1722 ndi 1770 anayerekeza. Ngati ndi choncho, Roggeveen sanapeze zotsalira za mtundu, anapeza mtundu wonse.

Nanga nkhondo? Apa otsutsa ali ndi zida zitatu: timiyala takuthwa tagalasi lakuda totchedwa mata'a tomwe tili mbwee pachilumba chonse, nthano ya nkhondo yaikulu pakati pa mafuko a Hanau Epe ndi Hanau Momoko pangalande ya Poike, ndi moai ogwetsedwa. Mata'a ankatchedwa mitu ya mikondo, koma atayezedwa mazana angapo mu 2016 anapezeka kuti alibe nsonga yolasira, aliyense ali ndi maonekedwe akeake, ndipo zipsera zake ndi za kudula ndi kupala zomera. Ndi mipeni ya pakhomo ndi kumunda, ngakhale kuti mpeni wa pakhomo umathanso kuvulaza munthu pandewu. Mafupa ali ndi mabala, inde, koma ambiri ndi mabala opola, akupha ndi ochepa, ndipo umboni wa kudyana sunapezeke. M'ngalande ya Poike, momwe nthano imati munatenthedwa fuko lonse, ofukula sanapezemo mafupa a khamulo. Malinga ankhondo a pamapiri, ofala kwa Amaori a ku New Zealand ndi pachilumba cha Rapa Iti, ku Rapa Nui kulibe. Za moai ogwetsedwa, zaka zokha zikuyankha. Roggeveen mu 1722 anawapeza ali chilili, anthu akuyatsa moto patsogolo pawo. Asipanya motsogozedwa ndi Felipe González mu 1770 sanatchule za ogwa. James Cook mu 1774 ndiye anaona ena ali pansi, womaliza kuoneka ataima paguwa anatchulidwa mu 1838, ndipo pofika 1868 onse a pamaguwa anali atagwa. Kugwetsaku kunachitikadi, ndipo mikangano ya mafuko iyenera kuti inalipo, koma kunachitika sitima zitayamba kufika, osati m'zaka za m'ma 1600 zimene nkhani ija imafuna.

Umboni wa Cook umafuna kuuyankha mwapadera, chifukwa iye anapezadi chilumba chosauka, anthu osakwana 1,000, akazi owerengeka, madzi oipa. Koma mlendo ndi mame. Cook anakhalapo masiku anayi okha, iye mwini akudwala, akufunafuna madzi ndi chakudya cha amalinyero otopa. Roggeveen anatsikira kumtunda tsiku limodzi, ndipo tsiku lomwelo anthu ake anawombera n'kupha eni dziko khumi kapena kuposerapo. Komabe anaona minda yosamalika bwino ndipo anapatsidwa nkhuku ndi nthochi. Anthu amene analandiridwa ndi mfuti ulendo woyamba sangalekerere akazi ndi ana awo pagombe sitima ina ikaoneka, chikhalirenicho chilumbacho chili ndi mapanga ambiri. Patangopita zaka 12 Cook atachoka, La Pérouse wa ku France anayerekeza anthu 2,000 ndipo anayamikira ulimi wawo. Mtundu sungachuluke kuwirikiza kawiri kapena kuposa pazaka 12. Wina mwa awiriwa anawerenga molakwa. Nakonso kusiya kusema moai si chizindikiro cha imfa ya chikhalidwe, popeza mwambo wina unakula m'malo mwake: chaka chilichonse pamudzi wamiyala wa Orongo, pamwamba pa phompho la Rano Kau, anyamata oimira akuluakulu a mafuko ankatsika phompholo, kusambira kukafika pakachilumba ka Motu Nui, n'kudikira dzira loyamba la mbalame yotchedwa manutara. Mwambo wofuna kuti mafuko onse asonkhane ndi kuvomera wopambana sukhala wa anthu amene amadyana akakumana. Unapitirira mpaka m'ma 1860.

Zaka za m'ma 1860 zomwezo ndizo zili ndi tsoka lenileni, ndipo ili silifuna kuyerekeza chifukwa linalembedwa. Dziko la Peru linali litathetsa ukapolo mu 1854, eni minda akusowa antchito, ndiye sitima zinatembenukira kuzilumba za Polynesia. Mu Disembala 1862 sitima zisanu ndi zitatu zinasonkhana pa Rapa Nui. Amalinyero anayala mikanda ndi tigalasi pagombe, anthu atawerama kutola anawagwira n'kuwamanga, othawa anawomberedwa. Pamiyezi yochepa anatengedwa anthu pafupifupi 1,500, pakati pawo mfumu yaikulu, mwana wake, ndi akuluakulu odziwa kuwerenga rongorongo, zolemba za pamatabwa zimene mpaka lero palibe wazimasulira. Ku Peru ambiri anafa ndi matenda m'minda ndi m'nyumba zomwe ankatumikira. Bishopu Tepano Jaussen wa ku Tahiti ndi boma la France atadandaula, otsala anakwezedwa sitima yobwerera, koma nthomba inabuka m'njira, ndipo amene anafika kwawo amoyo anali pafupifupi 15. Iwowa anafika ndi nthombayo, ndipo inasesa chilumba chonse. Chifuwa chachikulu chinatsatira, n'kupha ngakhale mmishonale woyamba, Eugène Eyraud, mu 1868.

Chaka chomwecho anakhazikika pachilumbapo Mfalansa wina, Jean-Baptiste Dutrou-Bornier, amene anafuna malo onse akhale odyetsera nkhosa. Anagula malo ndi mfuti m'manja, kutentha nyumba, ndi kutumiza anthu mazana kukagwira ntchito m'minda ya ku Tahiti. Ena anachoka ndi amishonale mu 1871 kupita ku Mangareva. Eni dziko anamupha mu 1876. Chaka chotsatira pachilumbapo panali anthu 111. Pazaka 15 zokha mtundu wa anthu zikwi zingapo unafika pokwana m'tchalitchi chimodzi. Chile inatenga chilumbachi pa 9 Seputembala 1888 kudzera mwa Policarpo Toro, ndipo zidzukulu za mfumu Atamu Tekena zimasimba kuti tsikulo iye anazula udzu n'kupatsa alendowo, dothi n'kuika m'thumba mwake, kutanthauza kuti ziweto zidye koma nthaka ndi ya eni. Alendowo sanamve, kapena anamva koma sanasamale. Kuyambira 1903 mpaka 1953 chilumba chinabwerekedwa kwa kampani ya Williamson-Balfour, imene inaweta nkhosa zikwi makumi angapo, n'kutsekera anthu mumpanda pa Hanga Roa, moti munthu ankafuna chilolezo kuti akaone guwa la makolo ake. Miyala ya nyumba zakale ndi ya maguwa inaphwasulidwa kumangira makola. Mayi wina mneneri, Angata, anatsogolera kuukira mu 1914, koma kunazimitsidwa. Anthu a ku Rapa Nui analandira unzika wa Chile mu 1966, mphunzitsi wachinyamata Alfonso Rapu atatsogolera kuukira kwina. Dazi limene mlendo amaliona lero n'kumapukusa mutu, gawo lake lalikulu ndi ntchito ya ziboda ndi mano a nkhosa pazaka pafupifupi zana. Ngakhale toromiro, kamtengo kamene kanapirira zaka zonse za osema miyala, kanatheratu kuthengo cha m'ma 1960.

Izi zikutithandizanso kuyeza nthano za nkhondo ndi kudyana zija. Zinalembedwa liti, kuchokera kwa yani? Amishonale anazilemba chipululutso chitachitika kale, ali ndi chifukwa chawo chodetsera moyo wachikunja. Katherine Routledge, amene anagwira ntchito yosamala kwambiri mu 1914 ndi 1915, anacheza ndi nkhalamba zochepa, zina zili kumalo a akhate, zomwe ubwana wawo unali m'zaka za akapolo ndi nthomba, pamene osunga mbiri enieni anali atafera ku Peru. Sikuti nkhalambazo zinkanama. Koma munthu amene anakula akuona midzi ikutha, anthu akulimbirana minda ya akufa, akamasimba za chipwirikiti n'kovuta kudziwa ngati akunena za m'ma 1600 kapena za 1863. Umboni wosadalira kukumbukira kwa munthu unabwera mu 2024, pamene Víctor Moreno-Mayar ndi anzake anafalitsa zotsatira za DNA ya anthu 15 a ku Rapa Nui amene mafupa awo amasungidwa ku Paris. Mtundu ukachepa mwadzidzidzi, chipsera chake chimatsala m'magazi a zidzukulu. Chipsera cha m'ma 1600 sichinapezeke. Chimene chinaoneka ndi mtundu wochepa umene unkakula pang'onopang'ono mpaka m'ma 1860. Kafukufuku yemweyo anapezanso magazi a eni dziko a ku South America amene analowa pakati pa 1250 ndi 1430, zomwe zikugwirizana ndi kupezeka kwa mbatata, mbewu ya ku America. Heyerdahl ananunkhiza chinthu choona, koma n'kutheka kwambiri kuti ulendowo anauyenda ndi Apolinezhiya, akatswiri a nyanja, kupita ndi kubwerera.

Wina angadandaule kuti tangochotsa nthano ina n'kuikapo ina, ya anthu osalakwa okhala mwamtendere ndi chilengedwe mpaka mzungu atafika. Chenjezolo ndi labwino. Anthu 15 ndi ochepa poyeza mtundu wonse, nkhalango inatha m'manja mwa eni dziko, mbalame zinatha, ndipo anthu amene anagwetsa makolo amiyala a anzawo, ena n'kuwathyola makosi, sanali angelo. Anali anthu, odziwa kukangana ndi kuwononga monga ena onse. Koma kunena kuti anasintha chilumba chawo n'kupeza njira yokhalirabe ndi moyo n'kosiyana kwambiri ndi kunena kuti anadzipha. Kusiyanako si kwa m'mabuku mokha, chifukwa amene wagamulidwa kuti anawononga cholowa chake sapatsidwa makiyi a cholowacho. Malo osungirako zakale a pachilumbachi anakhazikitsidwa mu 1935, UNESCO inawazindikira mu 1995, koma eni ake anayamba kuwayendetsa okha mu 2017, kudzera m'bungwe lawo la Ma'u Henua. Ndiwo amene lero amagulitsa matikiti, kuletsa alendo kukwera pamaguwa ndi kukhudza moai, ndipo kuyambira 2018 mlendo saloledwa kupitirira masiku 30. Moai 15 a pa Tongariki, amene anakokoloka ndi mafunde a chivomezi cha ku Chile mu 1960, anaimikidwanso m'ma 1990, ndipo anthu okhala pachilumbapo anakwana 7,750 pakalembera wa 2017, pafupifupi theka lawo ali zidzukulu za mtundu uja unatsala 111. Mu 2018 nthumwi zawo zinapita ku British Museum kukapempha Hoa Hakananai'a, moai wamwala wolimba wokhala ndi zizindikiro za mwambo wa mbalame kumsana, amene amalinyero a sitima ya HMS Topaze anamufukula m'nyumba ya pa Orongo mu 1868, chaka chimene anthu a pachilumbapo ankaikidwa m'manda ndi chifuwa chachikulu. Mpaka pano akadali ku London.